Kuika Liwu Pamalo Pake: Mbiri ya Kudula ndi Kusendeza Nyimbo

Pali ntchito ina yaing'ono imene ichitika masiku ano m'tizipinda ta mu mzinda wa Mzuzu, imene ambiri a ife a kumidzi sitinaione ndi maso, ngakhale zipatso zake tizimva tsiku ndi tsiku pa wayilesi ndi pa lamya za m'manja. Kwaya ikasonkha ndalama zake za chimanga, za fodya kapena za khofi, nikwera galimoto kunka ku Mzuzu kukajambulitsa nyimbo, oimba ayesa kuti ntchito yatha pamene atseka pakamwa. Koma sikutero ayi. Iwo atatuluka, mnyamata wa m'situdiyo atsala yekha pa kompyuta, nayamba kutola mawu awo chidutswa ndi chidutswa, kusendeza china kutsogolo pang'ono, china m'mbuyo pang'ono, kufikira liwu lililonse litakhala pamene iye aona kuti mpoyenera. Mwezi uno ndifuna tikambirane za mbiri ya ntchito imeneyi, kumene idachokera, ndi chimene tiyenera kuchenjera nacho ife eni ake a nyimbo. Pakuti mawu osendezedwawo ndi athu, ndipo ndiwo amene adzukulu athu adzamva ife titapita.

Muyeso wa makolo athu

Tisayese kuti kusamala nthawi m'nyimbo kudabwera ndi Azungu. Taonani amayi atatu ali kusinja mu mtondo umodzi: munsi wa uyu ukamatuluka, wa mnzake uli kulowa, ndipo wachitatu uli m'mwamba kulindira mpata wake. Mmodzi akafulumira pang'ono pokha, minsi iombana, chimanga n'kutayika pansi. Taonaninso amuna a ku Mzimba povina ingoma, mmene mapazi ochuluka agwera pansi ngati phazi la munthu mmodzi. Kapena anyamata a malipenga a ku Nkhata Bay. Kapena amayi oomba m'manja pa vimbuza, amene manja awo ayenda njira ina ndi ng'oma njira ina, komabe zikumana pamalo pake osaphonya. Anthu amenewa adalibe koloko kapena pepala. Muyeso wawo udali m'makutu ndi m'thupi, ndipo mwana adauphunzira ali kumbuyo kwa amake.

Chinthu chimodzi chokha makolo athu sadathe kuchita: nyimbo ikatuluka m'kamwa, idali itapita. Wolakwa akadatha kuimba bwino mawa, koma kubweza liwu la lero ndi kuliongola kudali kosatheka, monga madzi otayika pa dothi saoleka. Mbiri yonse imene ndikamba pano ndi ya mmene anthu adaphunzirira kugwira liwu lopita kale, kuliyesa, ndi kuliika pena.

Timadontho ta sol-fa

Amishoni a Livingstonia atafika m'dziko muno m'chaka cha 1875, nakhazikika ku Bandawe mu 1881, ku Ekwendeni mu 1889 ndi ku Khondowe mu 1894, adabwera ndi njira yolembera nyimbo yotchedwa Tonic Sol-fa, imene mbusa wina wa ku England, John Curwen, adaifalitsa kuyambira m'zaka za m'ma 1840. Ife tonse amene tidapita ku sukulu ya uphunzitsi tidziwa mayina a mawu ake okwera ndi otsika; koma ambiri aiwala kuti theka la nzeru ya sol-fa lili m'timadontho. Kugunda kumodzi kwa nyimbo tikutche pano phazi, popeza ndipo pamene woimba aponda pansi. Mzere woimirira usonyeza phazi lamphamvu. Timadontho tiwiri tisonyeza phazi lofooka. Kadontho kamodzi kagawa phazi pawiri. Ndipo kadontho kamchira kaligawa panayi. Chotero nthawi ya nyimbo idaoneka ndi maso kwa nthawi yoyamba m'midzi mwathu, ndipo mphunzitsi akadatha kuloza pa bolodi ndi kunena, Liwu ili likhale apa, osati apo.

Donald Fraser, amene adakhala ku Loudon, kumene lero titi Embangweni, kuyambira 1902, adalimbikitsa Akhristu a kumeneko kupeka nyimbo m'maimbidwe a kwawo, nachititsa mipikisano ya oimba. Mwa opeka nyimbo a masiku amenewo tikumbukira Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula. Tsono mphunzitsi aliyense amene adayesapo kulemba nyimbo yotere mu sol-fa adziwa vuto lake: timadontho tigwira zambiri, koma sitigwira zonse. Wotsogolera alowa anzake asanatsirize. Liwu lina likokedwa pang'ono kupitirira mzere. Manja aomba katatu pamene mapazi aponda kawiri. Mukumbukire vuto limeneli, pakuti tidzakumana nalonso pa kompyuta.

Galamafoni, yosadziwa kukhululuka

M'chaka cha 1877 Thomas Edison wa ku America adapanga makina oyamba ogwira mawu ndi kuwabwezanso, ndipo mu 1887 Emile Berliner adayamba njira ya mbale zafulati za galamafoni. Mbale zimene agogo athu adabwera nazo kuchokera ku Joni ndi ku Halale zidazungulira ka 78 pa mphindi imodzi, ndipo mbali imodzi idatenga nyimbo ya mphindi zitatu kapena kuposerapo pang'ono. Pojambula, singano idali kulemba kanjira pa phula lofewa nthawi yomweyo oimba ali kuimba. Kanjira kameneka kakalembedwa, kalembedwa. Woimba mmodzi akakhosomola kumapeto, kapena wa gitala akachedwa kulowa, panalibe mankhwala ena koma kutaya mbale ndi kuyambanso nyimbo yonse. Chifukwa chake oimba a masiku amenewo adafika pa makina atakonzeka kotheratu, ndipo chimene timva pa mbale zakalezo ndicho chimene chidaimbidwa, chosaonjezeredwa ndi chosachotseredwa.

Tepi ndi lumo

Kusintha kwakukulu kudachokera ku Germany. Fritz Pfleumer adapeza njira yogwirira mawu pa lamba wopyapyala wopakidwa fumbi la chitsulo mu 1928, ndipo kampani ya AEG idaonetsa makina ake otchedwa Magnetophon ku Berlin mu 1935. Nkhondo yachiwiri itatha mu 1945, msilikali wa ku America, John Mullin, adatengera kwawo makina awiri otere; mu 1947 woimba Bing Crosby adayamba kujambulira pulogalamu yake ya pa wayilesi pa tepi, ndipo mu 1948 kampani ya Ampex idayamba kugulitsa makina ake.

Ubwino wa tepi ndi uwu: idasandutsa nthawi kukhala utali wotha kuyesedwa ndi rula. M'masitudiyo tepi idayenda masentimita 38 pa sekondi imodzi. Chotero nyimbo ya mapazi 120 pa mphindi idatenga masentimita 19 pa phazi lililonse. Wokonza nyimbo akafuna kuchotsa cholakwa, adaimitsa makina, nagwira magudumu a tepi ndi manja onse awiri, kuwapukusa uku ndi uku pang'onopang'ono, ali kumvetsera kubuula kwa mawu kufikira atapeza pamene liwu liyambira. Pamenepo adalemba chizindikiro ndi pensulo ya phula, nagoneka tepi m'kangalande ka chitsulo, naidula ndi lumo, nalumikiza mbali ziwirizo ndi kapepala komata. Adaphunziranso kudula mopendeka, osati moongoka, pakuti podula moongoka padamveka kuthetheka, koma podula mopendeka liwu lakale lidazilala pamene latsopano lili kukula, ndipo khutu silidamve chilumikizo.

Ntchito imeneyi idafuna mtima woleza. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wodula molakwa adayenera kufunafuna pansi kachidutswa kochepa ngati njere ya mpunga, ndipo kakasowa, liwu limenelo lidasowa mpaka muyaya. Pambuyo pake padabwera makina a tinjira tambiri pa tepi imodzi. Woimba gitala Les Paul adalandira kwa Ampex makina a tinjira 8 mu 1957. Tsopano ng'oma idatha kujambulidwa lero, gitala mawa, mawu mkuja. Koma popeza tinjira tonse tidagona pa lamba mmodzi, lumo likadula, lidadula onse pamodzi. Kusendeza woimba mmodzi yekha, ena onse ali chikhalire, kudali kovuta zedi: adayenera kukopera mawu ake pa makina ena ndi kuwabweza ndi chala pa nthawi yake, kuyesa kawirikawiri kufikira atalasa.

Kwathu kuno

Nyimbo za dziko lathu zidayamba kumveka kutali kupyolera m'wayilesi ya ku Lusaka, imene idaulutsa mawu m'Chinyanja, makamaka kuyambira 1949 pamene kudabwera wayilesi yotsika mtengo ya maonekedwe a sefuliya. Kumeneko ndiko kudatchukira Alick Nkhata. Hugh Tracey, amene adakhazikitsa International Library of African Music mu 1954, adayenda m'Nyasaland mu 1950, 1957 ndi 1958, kujambula nyimbo za Atonga, Atumbuka, Achewa ndi ena. Iye adagwira maikolofoni imodzi m'dzanja, naisendeza kwa woimba uyu kapena kwa wa bangwe uyo monga nyimbo idafunira. Adasankha liwu loti limveke pamwamba, koma nthawi ya nyimbo adaisiya monga eni ake adaiimbira, ndipo n'chifukwa chake zojambula zake zili mboni yokhulupirika ya mayendedwe a nyimbo za makolo athu.

Wayilesi ya MBC idayamba mu 1964, ndipo kwa zaka 30 woimba wofuna kumveka m'dziko lonse adayang'ana ku Blantyre. Kwa a kumpoto ulendo umenewu udali wa makilomita oposa 600. Mzuzu pa nthawiyo udali mudzi waung'ono, umene udamera kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 pozungulira minda ya mitengo ya tung, ndipo sudatchedwe mzinda kufikira 1985. Kuonjezera apo, Chitumbuka chidachotsedwa pa wayilesi mu 1968, ndipo chidabwereranso mu 1994. Makaseti, amene kampani ya Philips idatulutsa mu 1963, ndiwo adathandiza makwaya ambiri kusunga mawu awo, ngakhale pa kawayilesi koikidwa pa tebulo m'tchalitchi. Ku Balaka, Paul Banda wa Alleluya Band adatsegula situdiyo ya Imbirani Yahwe, kumene oimba ambiri a m'zaka za m'ma 1990 adajambulira makaseti awo. Wambali Mkandawire, amene adakhala ku Mzuzu naimba kwambiri m'Chitumbuka, adakakonzera ku South Africa chimbale chake cha Zani Muwone cha mu 2002. Iye adamwalira mu 2021.

Lero zinthu zasintha. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 220,000 mu Mzuzu. MBC idamanga situdiyo ku Kaning'ina, mipingo idatsegula Radio Tigabane ndi Voice of Livingstonia, ndipo mnyamata wokhala ndi kompyuta, maikolofoni ndi chipinda chotchingidwa bwino atha kuchita zimene kale zidafuna nyumba yodzaza makina.

Mmene kompyuta isendezera mawu

Kompyuta siigwira mawu pa phula kapena pa lamba. Iwayesa ndi kulemba manambala. Pa muyeso wa CD, imene idatuluka mu 1982, mawu ayesedwa ka 44,100 pa sekondi iliyonse. Mapulogalamu okonzera nyimbo adabwera motsatana: Cubase wa kampani ya Steinberg ya ku Germany mu 1989, Pro Tools wa Digidesign ya ku America mu 1991, FruityLoops wa ku Belgium kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, amene adatchedwa FL Studio mu 2003, ndi Audacity waulere mu 2000.

Mukayang'ana pa galasi la kompyuta muona ngati munda wolimidwa mizere. Mzere uliwonse wogona uli ndi mwini wake: uwu wa ng'oma, uwu wa kiyibodi, uwu wa soprano, uwu wa besi. Nthawi iyenda kuchokera kumanzere kunka kumanja. Pa mizere imeneyi pagona zidutswa za mawu, zimene anyamata azitcha clip, ndipo m'kati mwa chilichonse muoneka chithunzi cha mafunde, aakulu pamene liwu lakwera, aang'ono pamene latsika. Palinso mizere ina yoimirira, yopingasa munda wonse pa phazi lililonse ndi pa magawo ake. Imeneyi aitcha grid, ndipo ili m'malo mwa timadontho tathu ta sol-fa.

Tiyeni tichite masamu pang'ono monga m'sukulu. Sekondi ikagawidwa pa 1,000, gawo limodzi litchedwa milisekondi. M'nyimbo ya mapazi 120 pa mphindi, phazi limodzi ndi mamilisekondi 500. Kadontho ka sol-fa kagawa pa 250. Kadontho kamchira pa 125. Apa mpamene bolodi ndi choko zidalekezera. Pa tepi ija ya masentimita 38, milisekondi imodzi idali yosafika theka la milimita, pafupifupi kuchindikala kwa chikhadabo, ndipo lumo silikadatha kupitirira apo kwenikweni. Koma m'milisekondi imodzi yomweyo kompyuta ili ndi miyeso 44, ndipo itha kusendeza chidutswa ndi muyeso umodzi wokha, umene pa tepi ukadachepera kutali tsitsi limodzi.

Njira zosendezera zilipo zingapo. Yoyamba ndiyo kukoka chidutswa ndi mausi pamene lamulo lotchedwa snap lili kugwira ntchito. Pamenepo chidutswa chilumphira chokha pa mzere woimirira wapafupi, monga mpira ugwera m'dzenje. Yachiwiri ndiyo kuzima lamulo limeneli, kukuza chithunzi kwambiri, ndi kuika chidutswa paliponse pamene dzanja lifuna. Yachitatu aitcha nudge: munthu ayamba wasankha muyeso, kaya mamilisekondi 10 kaya imodzi, ndipo akadina batani kamodzi, chidutswa chiyenda muyeso umenewo wokha, osaposa, njira imeneyi ipambana dzanja, pakuti dzanja linjenjemera, ndiponso munthu atha kuwerenga kuti wadina kangati ndi kubwerera. Yachinayi ndiyo kulemba nambala yeniyeni ya pamalo pofunikapo. Mu Pro Tools makhalidwe amenewa ali ndi mayina awo, Grid, Slip, Spot ndi Shuffle, ndipo mabatani a kuphatikiza ndi kuchotsa ndiwo asendeza. Palinso lamulo lina lamphamvu lotchedwa quantize, limene likokera kugunda konse pa mizere nthawi imodzi.

Zinthu ziwiri za tepi zikadalipo m'maonekedwe atsopano. Kudula kopendeka kuja lero akutcha crossfade, ndipo wosakuchita amvabe kuthetheka pa chilumikizo. Koma mantha a kachidutswa kotayika pansi adatha, pakuti kompyuta siidula mawu enieni. Isunga zojambulidwa zonse zamphumphu, ndipo wolakwa atha kubweza zimene wachita.

Chifukwa chake mawu afunika kusendezedwa

Kapena mudzafunsa kuti, Ngati kwaya yaimba bwino, asendezeranji? Yankho loyamba lili m'mphepo. Mudaonapo munthu ali kudula mtengo tsidya lina la dambo: nkhwangwa igwa, ndipo kulira kwake kukupezani pambuyo. Mawu ayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, ndiko kuti masentimita 34 pa milisekondi. Tsono ngati maikolofoni imodzi ili pakamwa pa ng'oma, ndi ina patali mamita 3.4 kuposa apo, kugunda kumodzi kufika kawiri, kosiyana mamilisekondi 10. Mafunde awiriwo akasakanizidwa alimbana, ena a iwo aphana, ndipo ng'oma imveka yoonda. Wokonza akasendeza chidutswa cha maikolofoni yakutali ndi miyeso 441, mafunde agonerana, ng'oma nibwerera mphamvu yake.

Yankho lachiwiri lili m'makina omwe. Kompyuta ichedwa pang'ono pakati pa kulandira mawu ndi kuwabweza m'makutu a woimba, ndipo ngati kuchedwa kumeneku sikunakonzedwe, woimba aoneka wochedwa ngakhale sanalakwe. Lachitatu ndi lakuti m'tizipinda tating'ono kwaya siitha kulowa yonse. A soprano aimba okha, a alto pambuyo, osaonana nkhope kapena kumvana mpweya monga achitira m'tchalitchi, ndipo mathero a mawu awo asiyana. Pa zifukwa zitatu izi, kusendeza ndiko kubwezera nyimbo pamene idali m'mitima ya oimba, ndipo palibe chinyengo.

Walira mvula walira matope

Koma pali choopsa, ndipo ndinachiona ndi maso anga. Nthawi ina ndinaperekeza kwaya ya kwathu ku situdiyo ina ya mu Mzuzu. Mwa nyimbo zathu munali imodzi yopekedwa m'maimbidwe akale, ya m'manja ndi ng'oma, yotsogoleredwa ndi mayi wina wachikulire. Patapita masiku awiri tinabwerera kukamva. Nyimbo zina zonse zinakoma, ndipo anyamata anasekerera. Koma itayamba ija yakale, anthu anayamba kuyang'ana pansi. Panalibe liwu lolakwa ngakhale limodzi, komabe palibe amene anagwedeza phewa. Potsiriza mayi uja anatembenukira kwa ine nati, "Aphunzitsi, mawuwo ndi anga ndithu, koma ine sindilowa chotero. Ine ndilowa anzanga asanatsirize."

Mnyamata wa pa kompyuta, mwana waulemu ndi waluso, anandiitana nati, "Adada, taonani apa. Amama anali kufulumira paliponse, ndiye ndinawabwezera pa mzere." Anandionetsa mmene anadulira mawu a mayiyo ndi kukankhira chidutswa chilichonse m'mbuyo kufikira pa mzere woimirira; ndiponso manja, amene anaomba patatu, anawakokera pa mizere yogawidwa panayi. Ndinamuuza kuti, "Mwana wanga, kumene ukutcha kufulumira ndiko nyimbo yeniyeniyo." Sindinamuimbe mlandu, pakuti iye anaphunzira ntchito yake pa intaneti, kwa anthu okonza nyimbo za maiko ena, ndipo palibe wamkulu amene anakhalapo naye pansi kumuuza mmene nyimbo za agogo ake ziyendera. Anabweza zonse. Tinakhala naye madzulo onse, mayi uja ali pambali pake. Anasintha mizere kuti igawidwe patatu, anasiya mawu a wotsogolera pamene anali, nasendeza pang'ono tenala mmodzi yekha amene anachedwadi pa malo awiri. Poimvanso, amayi anayamba kuomba m'manja okha osauzidwa.

Anzeru ena adaona kale kuti nyimbo za kuno zili ndi muyeso wake wosalowa msanga m'mizere ya ku Ulaya. A. M. Jones, mmishoni wophunzitsa pa St Mark's College ku Mapanza m'dziko la Zambia, adapanga makina olemba kugunda kwa ng'oma pa pepala loyenda, natulutsa buku lake la nyimbo za mu Africa mu 1959. Gerhard Kubik wa ku Vienna adajambula kanema ya oimba mangwilo kumpoto kwa Mozambique mu 1962, nawerenga chithunzi chimodzi ndi chimodzi kuti aone pamene ndodo iliyonse igwera. Ndiyenso adajambula Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka mu 1967. Anthu amenewa adayesa kuti aphunzire kwa oimba, ndipo adapeza kuti oimba athu saphonya. Muyeso wawo ndi wolimba, koma ndi wawo. Kompyuta ya lero ipambana makina onse a Jones ndi Kubik, ndipo itha kutiphunzitsa zomwezo, ngati woigwira ayamba wafunsa asanaongole.

Pali choopsa chinanso cha mbali yathu. Makwaya ena, atamva kuti makina akonza zonse, aleka kuphunzira, nafika ku situdiyo ndi nyimbo yosapsa. Mnyamata agwira ntchito usiku wonse kulumikiza zidutswa, ndipo pa wayilesi amveka ngati akatswiri; koma tsiku loitanidwa kukaimba pa ukwati kapena pa msonkhano, pamaso pa anthu, manyazi awagwira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Malangizo kwa opita ku Mzuzu

Chotero, abale anga, ndikupemphani zinthu zinayi. Choyamba, phunzirani nyimbo kumudzi kufikira itapsa, monga adachitira oimba a masiku a galamafoni. Ndalama zanu zidzachepa kutuluka, ndipo mbale idzanena zoona za inu. Chachiwiri, musanayambe kuimba, fotokozerani mwini situdiyo mmene nyimbo iyendera, ngati phazi ligawika patatu kapena panayi, ndi pamene wotsogolera alowa. Ndipo ngati ili nyimbo ya m'manja ndi ng'oma, pemphani kuti oomba ndi wotsogolera ajambulidwe pamodzi, ali kuonana. Chachitatu, musabwerere nonse kumudzi tsiku lomwelo. Wotsogolera kwaya atsale, akhale pambali pa wokonzayo pamene zidutswa zili kusendezedwa, pakuti mutu umodzi susenza denga. Chachinayi, pemphani kuti akupatseni zojambulidwa zoyamba zosakonzedwa pamodzi ndi zokonzedwa, muzisunge pa malo awiri, ndipo mulembe chaka, mudzi ndi mayina a oimba. Tracey akadapanda kulemba mayina ndi malo, ambiri lero sakadadziwa kuti liwu lili pa mbale zake ndi la agogo awo.

Kwa inu anyamata a m'masitudiyo a ku Chibavi, ku Katoto, ku Luwinga ndi kwina konse, ntchito yanu ndi yolemekezeka, ndipo muli olowa m'malo mwa amisiri a lumo aja. Musanasendeze kanthu, sungani kope la zoyamba. Galasi likakuonetsani kuti liwu lapatuka pa mzere, tsinzinani, mumvetsere kawiri, mufunse mwini liwu ngati walakwa kapena wafuna. Ngati walakwadi, sendezani pang'ono, mumvenso, ndipo mulekere pomwe khutu lakhuta, ngakhale diso likadaona mpata.

Ngati alipo wina mwa owerenga amene asunga kaseti yakale ya kwaya ya kwawo, kapena mbale ya galamafoni imene bambo ake adabwera nayo ku ulendo, alembe kalata kwa Mkonzi atiuze chaka chake ndi oimba ake, kuti tione ngati zingakopedwe zisanaonongeke ndi chinyezi.